Mdzukulu wanga ndi mphamvu zinayi

Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale yoyendera kufupi ndi Santhe mpaka ndinapuma. Pepala sinditaya. Makalata a ntchito, malisiti a fodya ndi manotsi amene ndinalemba pamanja kukoleji, zonse zili m'sutikesi yachitsulo.

Manotsi aja anawapeza mdzukulu wanga, mtsikana wa mwana wanga wamkazi, ali Folomu 3. Ankawawerengera m'chigafa, fodya akuuma pamwamba pake. Tsiku lina tikusoka fodya anandifunsa za tsamba lonena kuti mphamvu zoyendetsa chilengedwe zilipo zinayi. Ndinamutchulira: yokoka zinthu, imene imagwetsa mango, ya magetsi ndi maginito, ndi ziwiri zobisika m'kati mwa atomu, ina yomanga mtima wake, ina yochititsa kuti maatomu ena aziphwasuka. Akatswiri amaganiza kuti pachiyambi penipeni, chilengedwe chili chaching'ono ndi chotentha koopsa, zinayizi zinali mphamvu imodzi, ndipo zinapatukana pamene kunkazizira. Ziwiri anatha kusonyeza kuti n'zapachibale. Yokoka ija ndiyo imakana kulowa m'gulu.

Sanakhutire. Anatsegula pamene ndinajambula dzenje lakuda. Ndinamuuza kuti nyenyezi yaikulu kwambiri kuposa dzuwa ikatha moto imadzigwera yokha, n'kupanikizana mpaka ngakhale kuwala sikuthawamo. Pakati pake masamu amaloza kadontho kopanda kukula komwe kasenza kulemera konseko, ndipo akafika pamenepo masamuwo amasiya kunena zomveka. Amasiyanso chimodzimodzi ukawabweza kuchiyambi cha chilengedwe. Chosowa n'chimodzi: lamulo lomanga mphamvu yokoka pamodzi ndi zinzake.

"Ndiye kuti palibe amene akudziwa, agogo?"

"Palibe."

"Basi ntchito ilipo," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Pa ana onse amene ndinawaphunzitsa, palibe anandiyankhapo choncho.

Zinali zaka za makuponi a fetereza wotsika mtengo. Ankalemba mabanja, osati anthu. Ife tinkalima munda umodzi, nkhokwe imodzi, choncho tinkawerengedwa banja limodzi, ndipo matumba a kuponi imodzi sankafika n'komwe pakati pa munda. Anthu anayamba kugawa makomo. Wina ankamanga kakhumbi kuseri kwa nyumba, kuikamo mphasa ndi mafuwa, kuti olemba mayina aone khomo lina. Koma olembawo anachenjera, nayamba kufuna mwamuna ndi mkazi enieni.

Mwana wanga wamwamuna, amene ndi atsibweni ake a mtsikanayo, ndiye anabwera ndi nzeru. Panali mnyamata wa ku Wimbe amene ankamufuna mtsikanayo. Akwatiwe, mkamwini amange pathu pano, khomo latsopano lilembedwe. Ndinakana. Ndinatulutsa malipoti ake a sukulu, kuyambira Sitandade 1, n'kuwayala pamphasa motsatana. Mwana wangayo sanawagwire. Anandikumbutsa kuti kwathu kuno mwana wa mlongo amalamulidwa ndi atsibweni, osati agogo aamuna, ndipo anafunsa ngati nyenyezi zanga zinabereketsapo chimanga. Chaka chimenecho tinali titagona ndi njala, ndipo sindinganame kuti mwana wangayo sankadziwa chimene ankanena. Koma mpaka lero ndimati chinali chinyengo, ndipo amene anakonza zowerenga makomo mosaganiza ali ndi gawo lawo pa mlanduwu.

Anakwatiwa mvula isanagwe. Khomo linalembedwa. Makuponi atabwera ochepa, anatiuza kuti mabanja apachibale agawane imodzi. Tinabwerera pomwe tinali, kupatula kuti mtsikana anali ndi pakati.

Ndinalembera akuluakulu a zaulimi kudandaula. Kope la kalatayo ndili nalo. Yankho silinabwere.

Mwana wake atayamba kuyenda, mdzukulu wanga anandibwezera manotsi aja atawakulunga m'pulasitiki ya shuga. Ndinawawerenga masamba monga ndichitira. Onse a dzenje lakuda munalibe. Anandiuza kuti mwamuna wake anapichirira fodya, chifukwa pepala lakale ndi lofewa, limayaka bwino. Sanachite mwankhanza, sadziwa kuwerenga Chingerezi.

Ndinati ndilembanso, zambiri ndikuzikumbukira.

"Musavutike, agogo," anatero. "Ndiwerenga nthawi yanji?"

Anakonza mwana kumsana n'kubwerera kuchigafa. Manotsi otsalawo ndinawaika m'sutikesi, pansi pa malipoti ake. Lomaliza ndi la Folomu 3, teremu yachiwiri.