Mpunga wa Mayi Wosambitsa Maliro

Dzina langa ndine Zakeyo, ndimamata matayala pa Golomoti, pafupi ndi pamene msewu wopita ku Monkey Bay umapatukira. Moyang'anizana ndi kashedi kanga pali kanyumba kopaka laimu, chitseko chake chobiriwira. M'menemo ndi mmene a Fainess Chimtengo akhala akuphika mpunga kwa zaka khumi ndi zisanu. Zimene tinawachita mayi amenewa anthu a pano zimandiwawa mpaka lero, ndipo ndikati tinawachita, sindikudzichotsamo.

A Fainess kwawo ndi ku Bwanje. Amuna awo anali ndi munda wa mpunga mu sikimu ya ulimi wothirira, ndipo atamwalira anawasiyira mundawo ndi mwana mmodzi wamkazi, Tamandani. Anayamba ndi beseni pamutu, kugulitsa mpunga wophika m'timbale pa mawindo a minibasi. Kenako anapeza kanyumba kaja, mabenchi atatu ndi tebulo lalitali. Chikwangwani sanalembe. Fungo ndi limene linkaitana anthu.

Malesitilanti pano alipo ambiri, ndipo ndadyamo onse. Ena ali ndi wailesi ya kanema yaikulu kuposa tebulo, koma mpunga wake ndi wadzulo wongowaza madzi, nthuli ya nkhuku ngati chala changa chaching'ono. Ena umatafuna mosamala ngati ukuyenda pa minga, kuopa kuthyola dzino ndi mwala. Kwa a Fainess sindinalumepo mwala. M'mawa uliwonse ankakhala pakhomo ndi lichero, kupeta ndi kusankha, kutola kamwala kalikonse. Ndiwo zinali nyemba, mlamba wowamba ndi nkhuku yachikuda Loweruka. Madalaivala ankaimba foni ali ku Salima kuti, "Mayi, tisungireni mbale zinayi." Ine ankandisungira nkhoko za pansi pa mphika, zofiirira zija, chifukwa ankadziwa kuti ndimazikonda. Ankaziika pakambale kapadera.

Mayiwa anali ndi ntchito inanso yosalipidwa. Ankasambitsa maliro a amayi. Anayamba pamene mlamu wawo anamwalira ndi matenda amene anthu ankawaopa, amayi onse atakhala panja manja ali m'chitenje. Iwo analowa okha. Kuyambira pamenepo, mayi akamwalira m'midzi yozungulira, uthenga unkafika pa chitseko chobiriwira. Ankaphula mphika, kutseka, kupita ndi amayi awiri kapena atatu amene ankawathandiza. Amayi anga nawonso anasambitsidwa ndi manja amenewo. Anawadzoza mafuta m'mapazi ong'aluka, n'kuwamanga duku mopendekera kumanzere monga ankakondera ali moyo. Madzi osambitsirawo, monga mwa mwambo, anakatayidwa m'kadzenje kuseri kwa nyumba. Kadzenjeko ndinakumba ndine, ndinakwiriranso ndine.

Zaka zonsezo palibe anaona chachilendo. Tinkadya mpunga masana, maliro akagwa tinkathamangira kwa mayi yemweyo, ndipo tinkati ndi munthu wa mtima wabwino.

Chaka chapitacho kunabwera Kettie, mtsikana wa ku Mtakataka amene anakhalako ku Lilongwe. Anatsegula lesitilanti nyumba ziwiri kuchokera pa a Fainess, mipando yapulasitiki yofiira, nyimbo tsiku lonse, dzina lachingerezi pakhoma. Anthu anapitako sabata yoyamba kukaona mipando. Sabata yachiwiri anabwerera ku mabenchi awo akale. Kettie ankaima pakhomo manja m'chiuno, kuwerenga ndi maso anthu akumudutsa.

Sananene kuti a Fainess amathira mankhwala m'chakudya. Ndi wochenjera, sakananena choncho. Anangofunsa kondakitala wina amene anaima kugula madzi ozizira, ine ndikumva ndi makutu angawa.

"Achimwene, munayamba mwadzifunsapo kuti madzi osambitsira maliro aja amathera kuti? Ine ndangofunsa. Mpunga wokoka anthu chonchi kuyambira ku Salima sindinauonepo."

Kondakitala anaseka. Inenso ndinaseka, chitsiru ine. Koma funso lija linakwera minibasi yomweyo. Pofika Lachisanu linali litafika ku Mua ndi ku Balaka, litanenepa. Wina akuti anawaona akubisa botolo m'chitenje pa maliro. Wina akuti mbale wake anadya n'kulota anthu akufa. Palibe anatchula dzina la woona botoloyo, poti kandimverere anakanena za m'maluwa. Madalaivala aja oimba foni anayamba kudutsa nkhope atayang'ana kuphiri. Aphunzitsi amene ankadya pamenepo tsiku ndi tsiku anasamukira ku mipando yofiira, kukatafuna miyala mwaulemu.

Inenso ndinasiya. Sindinakhulupirire, ndikulumbira, koma ndikanyamula supuni funso lija linkabwera pakhosi. Ndinayamba kudya tchipisi pachiwaya, nditatembenukira kukhoma kuti asandione. Tsiku lachinayi a Fainess anawoloka msewu ndi mbale yovundikira, kambale ka nkhoko pamwamba.

"A Zakeyo, simunadye."

"Zikomo mayi, m'mimbamu simuli bwino masiku ano."

Anayang'ana pepala lamafuta a tchipisi limene linali pafupi ndi pampu yanga. Kenako anayang'ana ine.

"Amayi anu ndinawasambitsa ndine. Dzenje munakumba ndinu. Munaona ndikutungako?"

"Ayi mayi."

"Nanga bwanji simukuwauza anzanuwa?"

Ndinagwira tayala limene linalibe vuto lililonse n'kuyamba kulifufuza. Iwo anatenga mbale yawo n'kubwerera, ndipo sanawolokenso msewu umenewo.

Mphika waukulu unapachikidwa, anayamba kuphikira waung'ono. Woterowonso unkatsala. Madzulo ndinkawaona akukhuthulira nkhuku mpunga woyera bwino, wopanda mwala ndi umodzi womwe. Tamandani, amene anakwatiwa ku Dedza, anatsika phiri kudzawachonderera.

"Amayi, siyani za maliro. Lengezani kutchalitchi kuti mwasiya, anthu abwerera. Mufa ndi njala chifukwa cha anthu akufa kale?"

"Ndikasiya ndiye kuti ndavomera kuti ndinkachitadi," anatero a Fainess. "Ndipo ndikasiya, adzakusambitsa ndani iweyo?"

Iwo sanasiye, koma amayi amene ankawathandiza anasiya. Mmodzi amagulitsa mandasi, wina tomato, ndipo onse anaona chimene chimachitikira munthu wogwira maliro ndi manja ogulitsira chakudya. Sindiwanena, anali ndi ana odyetsa.

Mu Okutobala, dzuwa lija lotentha mpaka phula kufewa, mayi ake a Kettie anamwalira m'mudzi wina kufupi ndi Mtakataka. Anadwala nthawi yaitali, thupi linali ndi zilonda. Amayi anasonkhana, nyimbo anayamba, koma woti alowe kuchipinda ndi beseni panalibe. Aliyense anali ndi chifukwa. Wina msana, wina akuyamwitsa, wina sanazolowere. Dzuwa likukwera, ndipo kutentha kwa kuno sikudikira kuti anthu agwirizane.

Malume ake a Kettie, a Frank, anabwera pa njinga thukuta lili kamukamu, n'kuima pa chitseko chobiriwira chipewa chili m'manja. A Fainess anamvetsera mpaka anamaliza.

"Pepani ndi zovutazi," anatero. "Koma abwere mwini wake."

Kettie anabwera pa njinga yamoto cha m'ma leveni, msika uli wodzaza. Analibe wigi, analibe nsapato zazitali, anangomanga chitenje. Anagwada pa fumbi anthu onse akuona. Ine mumtima ndinati, mukanizeni mayi, amve kuwawa kwake. Ndinkafuna amukanize. Koma a Fainess sanamusiye kuti alankhule n'komwe. Anavula epuloni, anaphula kamphika kawo, anatseka chitseko.

"Dzuka, tiye. Mayi ako sanandilakwire."

Ndinatseka shedi n'kutsatira, poti maliro n'kulirana, komanso manyazi anali kundikankha kumsana. A Fainess analowa kuchipinda okha. Anakhalamo ola lathunthu ndi kutentha konse kuja. Atatuluka, bulauzi itamatirira pathupi, ananyamula beseni la madzi. Mwamwambo akanazungulira nalo kuseri mwakachetechete. Iwo anaima nalo pakhonde, pamaso pa anthu onse, ndipo nyimbo inazima yokha.

"Kettie, bwera kuno."

Amayi ena anang'ung'udza kuti mwana wa malemu sagwira zimenezo. A Fainess sanawayang'ane.

"Nyamula. Unafunsa kuti madziwa amathera kuti. Lero ukaone wekha."

Kettie ananyamula, madzi akumudonthera pa chitenje. Anayenda kutsogolo, a Fainess pambuyo, ife tonse m'mbuyo mwawo ngati nkhosa. Kuseri kunali kadzenje kokumbidwa kale.

"Thira onse. Usasiye ndi dontho. Tsopano kwirira. Pondapo." Kenako anatambasula manja, n'kukutumula chitenje chawo pamaso pa gulu. "Amene akufuna kundisecha botolo abwere."

Palibe anasuntha. Kettie anagwa pa dothi lonyowalo n'kulira kulira kwenikweni. A Fainess anasamba m'manja ndi sopo, anakhala pa mphasa pamodzi ndi amayi ena, n'kuyambitsa okha nyimbo imene inazima ija.

Pobwerera, aliyense m'njira ankawatama. Mayi wolimba mtima, mayi wa Mulungu, tinamulakwira. Ndinamva mawu amenewa kwa anthu oposa makumi awiri. A Fainess nawonso ayenera kuti anawamva, chifukwa m'mawa mwake anatsitsa mphika waukulu uja, anapeta mpunga wambiri, anapha nkhuku ngakhale linali Lachitatu.

Masana tinabwera anthu atatu. Ine, a Frank, ndi mlendo wina wa lole amene sankadziwa kalikonse. Otama aja ankadutsa, kupereka moni mokweza, n'kupitirira. Dalaivala wina, mmodzi wa oimba foni kale aja, anandiuza akupopetsa tayala kuti, "Bodza linali bodza, tavomera. Koma ndiye dzulo lomweli agwira maliro a zilonda, lero ndikadye?" Ndinamuuza kuti achotse galimoto yake pa shedi yanga akapopetse kwina. Munthu ameneyu amayi ake ali moyo, ndi okalamba, ndipo ndikudziwa chitseko chimene adzagogode.

Ndi zimene zimandipsetsa mtima. Tikufuna manja oti atisambitsire akufa athu, koma manja omwewo asatigawire chakudya. Kettie anatsegulanso patatha sabata ziwiri, ndipo mipando yofiira imadzaza. Akakumana ndi a Fainess amagwada, koma sanapiteko pa siteji kukauza makondakitala kuti funso lija linali la nsanje. Funso linapita pa minibasi, yankho linatsala kuseri kwa nyumba ya maliro.

A Fainess akuphikabe. Mabenchi awiri anabwereketsa ku tchalitchi, latsala limodzi. Uthenga wa maliro ukabwera amatseka n'kupita, okha. Ine ndimadya kumeneko tsiku lililonse tsopano, ndipo ndimakhala pakhomo penipeni kuti odutsa andione. Amandilandira bwino, amandipatsa madzi osamba m'manja, mbale yodzaza, nyemba zokwanira. Ndinapepesa kamodzi, anati zinatha.

Koma ndikamaliza kudya, amatenga mphika n'kukhala nawo pakhomo, kupala nkhoko zofiirira zija ndi supuni, bwinobwino osafulumira. Akatero amaitana nkhuku zawo.