Mzungu wa ku Braunstone amene ankalankhula Chinyanja

Nditayamba ntchito yosamala okalamba m'nyumba zawo ku Leicester, sindinachedwe kuzindikira kuti munthu wolowa m'nyumba ya eni ndi kiyi wa ejensi amayamba kukayikiridwa ali pakhomo. Ana a okalambawo amakusekerera bwinobwino, koma maso ali pa chikwama chako. Ine ndinazolowera. Chikwama ndinkachisiya poonekera, chotsegula, ndipo chipinda chimene sanandilozere sindinkalowamo.

Chaka china, nyengo yozizira itangoyamba, anandipatsa bambo wina wa ku Braunstone, mzungu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Ankakhala yekha m'nyumba ya khonsolo, pafupi ndi pamene basi imakhotera. Mwana wawo wamkazi, mayi amene nayenso anali ndi imvi, ankakhala ku Corby ndipo ankabwera Loweruka lokha. Tsiku loyamba anandisonyeza pamene pamakhala mankhwala ndi matawulo, kenako anati, "Bambo amaiwalaiwala. Nthawi zina amalankhula zosamveka, musavutike nazo." Atatero anaima pakhomo la khitchini n'kumandiyang'ana mpaka ketulo inawira.

Ntchito yanga inali ya m'mawa: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapatsa chakudya ndi mankhwala. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosalankhulalankhula. Milungu yoyamba sankandiyang'ana n'komwe. Ankakweza mkono ndikafuna kuwavula malaya, n'kuutsitsa ndikamaliza.

Tsiku lina ndinafika nditatopa, msana ukupweteka, ndipo iwo ankakana kuchoka m'mabulangete. Ndinangopezeka ndalankhula m'chinenero chathu, monga timachitira tikaganiza kuti palibe akutimva. "Tiyeni dzukani, bambo, kunja kwacha."

"Ndadzuka," anatero. "Bweretsa madzi. Msanga."

Ndinaima ndi tawulo m'manja. Sichinali Chichewa cha alendo obwera kudzaona nyama, a "muli bwanji" ndi "zikomo". Sichinalinso cha ansembe. Chinali Chinyanja chakale, cholamula, chopanda ulemu ngakhale pang'ono.

"Mwati bwanji?"

Anandiyang'ana kumaso, koyamba chiyambire ntchito. "Kwanu n'kuti, iwe?"

"Ku Zomba."

"Zomba," anabwereza. Kenako anatseka pakamwa, ndipo atatsegulanso anapempha masilipasi awo m'Chingerezi ngati palibe chimene chachitika.

Pobwerera, m'basi, ndinkangoganiza za agogo anga aamuna, bambo a bambo anga. Iwo anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata. Ndinawapeza ali moyo, koma ndinali mwana, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti sankavula malaya pagulu, ngakhale kutenthe bwanji, ngakhale kumunda. Tsiku lina ndinawadzidzimukira akusamba kuseri kwa nyumba, n'kuona msana wawo uli mizeremizere, zipsera zokwera ngati mizere ya mbatata. Amayi anandiletsa kufunsa. Nditakula ndi pamene bambo anandiuza kuti zipserazo sizinali za adani. Anakwapulidwa ndi a mbali yawo yomwe, ku Burma, mzungu wowayang'anira atalamula.

Madzulo ake ndinaimbira foni bambo anga kumudzi. Ndinawafotokozera za mzunguyo.

"Wati ali ndi zaka zingati?"

Ndinawauza.

"Akhoza kukhala wa gulu lomwelo," anatero. "Azungu owayang'anira ankaphunzitsidwa Chinyanja kuti azitha kulamula. Agogo ako ankati anawatenga pa lole kumsika, atawalonjeza nsapato ndi chakudya. Chimene azungu anayambanirana kwawoko palibe anawafotokozera. Anangouzidwa kuti Ajeremani akufuna kulanda dziko, koma atakwera sitima yapamadzi anakapezeka m'nkhalango akuwomberana ndi Ajapani, anthu amene chibadwire anali asanawamvepo."

"Nanga mzungu amene analamula uja anali wotani?"

"Ankati anali kamnyamata, katali, kopanda ndevu."

"Bambo, onse anali otero."

"Ndiye umufunse."

Sindinafunse msanga. Ndinayamba ndi kuyang'ana. M'nyumba za okalamba ena amene anapita kunkhondo ndinkapeza mamendulo pakhoma, zithunzi za yunifolomu, ndi duwa lofiira lija amavala mwezi wa Novembala pokumbukira ofera kunkhondo. M'nyumba iyi munalibe chilichonse. Pakhoma panali wotchi ndi chithunzi cha galu. Ndinadzifunsa kuti munthu amene anakhala ndi anthu athu mpaka kuloweza chinenero chawo, n'kuchisunga m'mutu zaka zonsezi, angabise bwanji zonse chonchi ngati alibe chifukwa.

Nawonso anayamba kundiyang'ana. Ndikatembenuka pa sinki ndinkapeza maso awo ali pa ine. Chinyanja chinkabwera pang'onopang'ono, mawu awiri kapena atatu: "Tseka chitseko." "Khala pansi." "Mvula ikubwera." Ndikayankha ankamvetsera atapendeka mutu, ngati munthu wofuna kuzindikira mawu a winawake pa foni.

M'mawa wina ndinkawameta. Anali atakhala pa mpando kutsogolo kwa galasi, thovu lili mbuu kumaso, ine ndikutsitsa lezala m'munsi mwa chibwano. Anandigwira dzanja. Mphamvu zimene zinali m'zala zimenezo sindinkaziyembekezera.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe wandituma, bambo. Ndine wa ejensi."

"Bodza." Ankandiyang'ana kudzera m'galasi. "Ndiwe mwana wa yani?"

Ndinatchula dzina la agogo, lonse, ndi mudzi wawo. Ndinayang'anitsitsa nkhope yawo kuti ndione ngati pagwedezeka kanthu. Diso lamanzere linaphethira, koma diso limenelo linkaphethira tsiku lililonse. Anandisiya dzanja n'kunena m'Chingerezi kuti madzi azizira.

Kuyambira tsiku limenelo anakana kudya chilichonse chochokera m'manja mwanga ndisanalawe. Ankakankhira kapu ya tiyi kwa ine. "Yamba ndiwe." Malamulo a ntchito salola zimenezo, koma ndikakana sankamwa, ndipo mankhwala awo ankafunika kumwera chakudya. Ndinkatenga supuni yanga, n'kutunga pang'ono, n'kumeza iwo akuona. Ankadikira kanthawi, akuyang'ana pakhosi panga, kenako n'kuyamba kudya.

Ndinkadzifunsa kuti kodi ndi matenda awo oiwala aja, kapena dzina lija analidziwa. Anzanga a ntchito amadziwa kuti okalamba ambiri odwala chonchi amaganiza kuti akuthiridwa poizoni. Ndinawaonapo ena. Koma enawo sankandiuza zimenezo m'chinenero cha agogo anga.

Ndinafunsa tsiku lina ndikuwaveka masokosi, nditagwada pansi, osawayang'ana.

"Ku Burma kuja, asilikali ankakwapulidwa?"

Ndinamaliza phazi limodzi n'kuyamba linalo.

"Asikari anali anthu abwino," anatero. "Olimba. Ankaimba."

"Koma ankakwapulidwa?"

"Sajeni ndi amene ankamenya. Ine ndinkangowerenga zikoti."

"Ankalamula ndani?"

Anayang'ana pawindo. Kunja kunkadutsa galimoto yotola zinyalala, ndipo anaitsatira ndi maso mpaka inakhota. Funso langa sanaliyankhe, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Patapita masiku ochepa ndinaona kanthu kakuda, kozungulira, pamwamba pa kabati ya mbale, pamene kale panali poyera. Inali kamera. Palibe anandiuza. Tsiku lomwelo manijala wathu anandiimbira n'kunena kuti banja ladandaula: woyandikana nawo nyumba wamva kudzera pakhoma kuti ndimalankhula ndi bamboyo m'chinenero chachilendo, ndipo chiyambire pamenepo bamboyo sakudya bwino. Anandiuza kuti ndizilankhula Chingerezi chokhachokha. Ndinavomera. M'mawa mwake bamboyo atati, "Yamba ndiwe," ndinayankha m'Chingerezi kuti chakudya chawo chili bwino. Anandiyang'ana ngati ndawapereka kwa adani, ndipo mbale inabwerera ku sinki yosakhudzidwa.

Loweruka lotsatira sinali shifiti yanga, koma mwana wawo uja anapempha kuti ndibwere. Ndinamupeza m'khitchini, jasi asanavule, foni ili patebulo. Bambo ake ankawodzera pa mpando m'chipinda chochezera.

"Ndikufuna mundiuze chimene akunena apa," anatero.

Anatsegula vidiyo ya pa kamera ija. Anali masana, ine nditapita kale. Bamboyo anali yekha, atagwira mikono ya mpando, akulankhula ndi khoma. Mawu ankamveka bwino.

"Nyamulani. Nyamulani machira. Musamusiye pamenepo. Mtsinje wadzaza. Ajapani ali tsidya." Kenako motsitsa mawu, "Musiyeni. Ndalamula ine. Tiyeni."

Mayiyo anaimitsa vidiyo n'kundiyang'ana. Ndinaganiza zofewetsa, zonena kuti akukamba za mvula ndi mitsinje basi. Koma nkhope yake inali ya munthu amene sakufunsa kuti adziwe. Ndinamasulira liwu ndi liwu, osasiya kanthu.

Anapuma mozama. "Ndi zomwezo ananena winayo."

"Winayo ndani?"

"Kuchipatala kumene ndimagwira kuli namwino wa ku Zambia. Ndinamuonetsa kaye iyeyo vidiyoyi."

Ndinamva kutentha m'makutu. Anandiitana pa tsiku langa lopuma, ndinakwera mabasi awiri, kuti adzaone ngati ndinganame. Komabe sindinamudzudzule. Nanenso ndinali nditakhala milungu yambiri ndikutchera bambo ake misampha ndi mafunso.

"Sanatiuzepo," anatero, tsopano akuyang'ana patebulo. "Tinkadziwa kuti anapita ku Burma, basi. Zoti anali ndi asilikali a ku Africa, zoti amadziwa chinenero chanu, ngakhale amayi sindikhulupirira kuti ankadziwa. Akadali ndi mphamvu, akangomva mvula yambiri padenga ankapita kukakhala m'galimoto." Anakweza maso. "Nanga inuyo mumawauza chiyani? Pa kamera ndaona mukulawa chakudya chawo."

Ndinamufotokozera zonse: za agogo, za msana wawo, za dzina limene ndinatchula. Ankamvetsera atalumikiza zala. Nditamaliza anafunsa, "Mukutanthauza kuti anali bambo anga?"

"Sindikutanthauza choncho. Asilikali anali ambiri, azungu owayang'anira analinso ambiri."

"Koma mukuganiza choncho."

"Sindikudziwa chimene ndikuganiza."

"Munapempha nokha kuti akupatseni nyumba ino?"

Ndinaseka pang'ono, ngakhale panalibe choseketsa. Ndinamuuza kuti ejensi imatitumiza kulikonse kumene basi ikufika, ndipo ndisanalowe pakhomopo sindinkadziwa kuti ku Braunstone kuli munthu wotere. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire zonse. Anandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundithokoza mwaulemu, n'kupempha kiyi.

Ndikudutsa pakhomo la chipinda chochezera, bamboyo anali atadzuka. Anandiitana ndi chala. Mwana wawo anali kumbuyo kwanga, koma ndinayandikirabe.

"Upita ku Zomba?"

"Osati lero, bambo."

"Ukapita," anatero, kenako mawu anawathawa. Milomo inkagwedezeka, maso akufunafuna padenga. Ndinadikira. Mayi uja naye anadikira, ngakhale sankamva Chinyanja. Pamapeto pake anangoti, "Tseka chitseko," n'kutsinzina.

Lolemba ndinapeza atandisinthira kwa mayi wina wa mbali ina ya tauni, amene ankakonda kukamba za mbalame za m'munda mwake. Ku Braunstone anatumizako mtsikana wa ku Poland. Iyeyo ndi amene anandiuza, patapita miyezi, tikudikira basi, kuti bambo aja anawapititsa ku nyumba yosungirako okalamba ndipo anamwalira kumeneko chilimwe chisanafike. Anati masiku omaliza Chingerezi chinawatheratu, ankangolankhula zosamveka, ndipo panalibe wowayankha.

Bambo anga nditawauza anayamba ndi funso limodzi. "Ndiye anali yemweyo?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Unamutchulira dzina?"

"Ndinatchula."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati madzi azizira."

Kenako anati, "Iwe ukundibisira. Unamumvera chisoni."

Ndinalumbira kuti ndawauza zonse. Anati chabwino, n'kuyamba kukamba za feteleza ndi za azakhali amene ankadwala mwendo. Koma nditapita kumudzi chaka chotsatira, tili awiriwiri pakhonde, anandifunsanso nkhani yonse kuyambira pachiyambi, akubwereza mafunso ena mosintha mawu, kuti aone ngati ndiyankhe mosiyana.