Wojomba Katatu Wafa

Achimwene anga anali telala, ndipo sindinama kuti anali munthu wabwino chifukwa choti amwalira ayi. Anali ouma mtima. Koma anali achimwene anga.

Loweruka lililonse masana ankakankhira makina kukhoma n'kuyala patebulo chinsalu cholumikiza ndi zigamba. Chimenecho ati ndi dziko. Chigamba cha jinzi mapiri, chakuda dera la afiti. Azibambo andevu zawo n'kukhala mozungulira, aliyense ndi batani lake ndi pepala lolembapo munthu wake wam'masewerawo, mphamvu zake, lupanga lake, mpaka zipsera. Achimwene ankayendetsa nkhani, enawo n'kumaponya madayisi kuti aone ngati apulumuke. Ine ndinkasita zovala pakona, ndiye ndinkamva zonse.

Malamulo ankapeka okha n'kulemba kumapeto kwa kope la miyezo ya makasitomala. Lalikulu linali lakuti wojomba Loweruka katatu motsatizana, munthu wake wafa, pepala lidulidwe ndi sizasi onse akuona.

Mnzawo wina, dalaivala, anathyoka mwendo n'kugonekedwa m'chipatala. Anabwera Loweruka lachinayi akuyendera ndodo.

"Atelala, mwendowu simukuuona?"

"Ndauona. Kodi madayisi mumaponya ndi mwendo?"

Khwee! Msilikali amene bambo uja anayenda naye zaka zisanu, pakati. Dalaivala anatola zidutswazo n'kuika m'thumba la shati. Sabata yotsatira anabweranso, n'kuyamba wina watsopano. Ine ndinati zatha.

Achimwene nawo anali ndi wawo, wosula zitsulo wamfupi wamkamwa moipa ngati iwo omwe. Zaka khumi ndi chimodzi. Pepala lake litayamba kutha, analisokera pansalu yolimbitsira kolala. Mkazi analibe, mwana analibe. Anali ndi wosulayo ndi ine basi.

Chaka chino matenda anawagwira m'mimba. Mwezi wathunthu m'chipatala. Makiyi a shopu ndinapatsa aphunzitsi, mmodzi wa gululo, kuti masewera asaime. Atatuluka, mafupa okhaokha, mawu oyamba akuti, "Chemwali, Loweruka mukandiperekeze kushopu. Wosula ndinamusiya pakhomo la phanga."

Ndinawagwira mkono njira yonse. Anzawo anaimirira, manja phaphapha. Atangokhala, dalaivala anatsegula kope lija.

"Atelala, maso anga ngofooka. Tatiwerengerani apa, zolemba ndi zanu."

"Akulu, munthuyu wadwala," ndinatero ine.

"Tamuona, mayi. Kodi madayisi amaponya ndi mimba?"

Wina anaseka. Aphunzitsi anangoyang'ana kudenga. Achimwene sanapemphe chifundo, sankadziwa kapemphedwe kake. Anatenga sizasi yawo yomwe. Dzanja likunjenjemera, nsalu ya kolala ija n'kumakana. Anayesa kanayi, thukuta kamukamu.

"Bwerani nayo ndikuthandizeni," anatero dalaivala. Anadula pang'onopang'ono, ngati akusenda chipatso.

Tinabwerera kunyumba. Pakhomo achimwene anangoti, "Achita bwino. Lamulo ndi langa." Anatembenukira kukhoma, patatha masiku asanu ndi anayi anatisiya.

Pamaliro anabwera onse, dalaivala ndiye analira mokweza kuposa ine. Mawa lake aphunzitsi, amene anali atandibwezera kale makiyi, akuti, "Chemwali, makiyi aja? Malemu akanakonda kuti tipitirize."

Ndinati bwerani Loweruka. Anapeza loko. Lotsatira, loko. Lachitatu anagogoda mpaka oyandikana nawo kutuluka, ine ndili m'kati phee, ndikusita. Mapepala awo onsetu ankakhala mudilowa ya achimwene.

Lachinayi ndinatsegula, ndinayala chinsalu, ndinawaikira mipando. Ine kuwerenga kumandivuta, ndiye kope ndinapatsa aphunzitsi kuti awerenge mokweza.

"Koma chemwali, ife timabwera! Munatseka ndinu!"

"Palembedwa za loko pamenepo?"

Panalibe.

Ndinayamba ndi pepala la dalaivala. Sizasi ya achimwene ndi yolemera, koma ine dzanja langa silinjenjemera.