Kapu ya Apongozi Inagwa Kawiri

Nditatha zaka ziwiri pabanja, nkhope ya apongozi anga aamuna sindinkaidziwabe bwino. Ndinkadziwa mapazi awo. Kwathu mtengwa sayang'ana apongozi kumaso: amagwada, kupereka, n'kuchoka. Tinkakhala nawo m'nyumba za kampani kufupi ndi Chitakale, iwo ndi amuna anga akugwira ntchito yothyola tiyi.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, ndinawapatsira madzi akumwa, mwana ali kumsana. Kapu inagwa. Anaitola, inagwanso. Dzanja lawo lamanja linangoti lende. Ndinadzutsa mutu. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera, chonsecho mowa sankaulawa.

Ndinathamanga kukaitana amuna anga kwa anzawo. Pomwe tinkafika, zonse zinali zitatha.

"Ndi dzuwa chabe," anatero apongozi, mawu ali bwinobwino. "Mawa dengu likundidikira."

"Mwaona? Ali bwino," anatero amuna anga.

Amalume anga ku Limbuli zinawayamba chomwecho, n'kutha zokha. Patapita masiku atatu anagwa m'munda, osayendanso. Ndinakumbukira zimenezo ndili chogwada.

"Bambo, tiyeni kuchipatala lero lomwe."

Apongozi anacheukira mwana wawo. "Kodi amayankhula awa?"

"Lero, bambo," ndinabwereza.

"Mwaona chiyani inu?"

"Pakamwa panu. Ndi dzanja."

"Ndiye kuti mumandiyang'ana?"

"Lero lokha."

Anayamba kupinda ndi kutambasula zala. Kenako anaitanitsa jekete. Amuna anga anawakweza pa njinga, koma anabwerera panjira kudzatenga khadi la chipani, poti masiku amenewo munthu sankapita patali wopanda khadi.

Adokotala anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anati ija inali sitiroko yaing'ono, yochenjeza, ndipo yaikulu imakonda kubwera m'masiku otsatira. Anati pakamwa kupotoka, dzanja kufooka kapena mawu kusokonekera, ngakhale zithe msanga, munthu asadikire kuti kuche. Anawagoneka m'chipatala masiku anayi, n'kuwapatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku. Anawaletsa fodya ndi mchere wambiri.

Azimayi apafupi anandinena kwa mwezi wathunthu kuti ndilibe mwambo. Sitiroko yaikuluyo sinabwere. Ndiwo zopanda mchere ndinkawaphikira ndine, ndipo anazidya zaka zambiri, akudandaula tsiku lililonse kudzera mwa mwana wawo.