Makalata a Sukulu Anapita kwa Bwana Wanga Wakale

Mwana wanga Tadala amufufuta m'kaundula wa sukulu. Ali Giredi 11. Mlandu wake? Anapita kukaika mayi ake m'manda.

Mayi ake atamwalira mu Meyi, tinanyamula maliro pamsewu kuchokera kunja kuno mpaka kwathu ku Ntcheu. Tisananyamuke ndinawatumizira aphunzitsi ake uthenga wa mawu pafoni. Anayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Ndinati basi, amva.

Tinatha milungu itatu. Lolemba Tadala anavala yunifomu. Pofika 9 koloko anali atabwerera pakhomo. Dzina lake mulibe.

Lachiwiri ndinajomba kuntchito. Ndinafika pa ofesi ya sukulu 7:40. Anandiitana 11:15. Mayi wa padesiki, osadzutsa n'komwe mutu, anati mwana akajomba masiku khumi otsatizana popanda chifukwa cholembedwa amachotsedwa. Ndinawayatsira uthenga uja kuti amve. Anati, "Tata, mawu si kalata."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandichenjeze. Anatulutsa fayilo. Makalata awiri, onse anapita pa positi. Kuti? Ku Hout Bay, kwa bwana amene ndinkamusamalira maluwa zaka zinayi zapitazo.

Nonse mukudziwa. Shaki yathu, kanyumba ka malata, kudera la Joe Slovo, wa positi safikako. Polembetsa mwana amafuna umboni wa adiresi, ndiye timapempha ya bwana. Bwanayo anagulitsa nyumba. Sindinakasinthe adiresiyo kusukulu, ndikuvomera.

Koma asukulu nambala yanga ali nayo. Kukakhala masewera, uthenga. Siketi ikafupika, uthenga. Kodi foni yanga imangolira pa nkhani ya siketi?

Mayiwo anati, "Lamulo likuti tilembe ndi kutumiza. Zowerenga n'zanu."

Ndiye mawu anga, amene aphunzitsi anamva n'kuyankha, si kanthu. Pepala lawo, limene palibe analitsegula, ndiye umboni.

Ahedi sindinawaone, akuti ali pamsonkhano. Malo a Tadala anapatsa kale wina. Ku ofesi ya maphunziro ndinakhala pabenchi maola atatu. Bambo wina anati ndilembe kalata yodandaula, yankho lidzabwera pa positi. Ndinati, pa adiresi iti? Anayang'ana pakompyuta n'kundiwerengera ya ku Hout Bay. Kusintha akuti ndi ntchito ya sukulu. Sukulu ikuti singasinthe za mwana amene si wawo.

Loweruka ndinapita ku Hout Bay kuja. Amene akusamala maluwa panopa ndi bambo wa ku Nkhata Bay. Anandipatsira maenvulopu awiri pageti, ali matopematope.

"Achimwene, ndinasunga mushedi. Ndinaona dzina lakwathu, ndimati mwiniwake adzabwera."

Munthu yekhayo amene anandifunafuna ndi maso ndi ameneyu.

Abale, ngati munalembetsa mwana ndi adiresi ya bwana, pitani mawa mukasinthe. Chilichonse lembani papepala, akudindireni chidindo, musunge lanu. Ngakhale maliro, yambani mwalemba kalata kenako muzilira.

Ine ndachedwa. Mayeso ayamba Lolemba. Yunifomu ija Tadala waipinda, waika m'chikwama chomwe muli zovala za mayi ake.