Tsiku limene a Aufi anayankha kuti zonse zili bwino

A Aufi Tawakali anali telala, koma musaganize za malaya kapena madiresi ayi. Iwo ankasoka mipando ya galimoto. Kwawo kunali ku Namwera, m'boma la Mangochi, ndipo ku Joni anabwera ali mnyamata wodziwa kale kupalasa makina. Anagwirako kumigodi zaka ziwiri, fumbi litawakana pachifuwa anatuluka n'kupeza malo pa fakitale ina ya galimoto kuseri kwa Doornfontein. Dzina la kampaniyo ndilisiya, ndikalitchula mtima umandiwawa. Eni ake anali kutsidya kwa nyanja, ndipo galimoto zake zinali zazikulu, zolemera, zomwa petulo osakhuta.

Pofika chaka cha 1985 anali atasoka pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali ndi mkazi, Minnie, mwana wa Mmalawi wakumigodi koma wobadwira ku Alexandra, ndi mwana mmodzi, Hajara, wa zaka khumi ndi ziwiri. Ankakhala m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya Mmwenye. Tsono mumvetse bwino apa. Minnie ndi Hajara anali a dzikolo, koma a Aufi anali mlendo. Chimene chinkawasunga mu Joni chinali chidindo cha kampani m'chiphaso chawo, chodindidwa mwezi ndi mwezi. Ntchito ikatha, chidindo chatha, munthu wakumana ndi lole ya boma yobwezera alendo kwawo. Mkazi ndi mwana n'kutsala.

Ndiye a Aufi anayamba kuwonda chaka chimenecho, chifukwa maso anali nawo. Kale ankasoka mipando ya galimoto makumi atatu pa tsiku. Kenako makumi awiri. Kenako khumi ndi ziwiri, masana n'kumangopukuta makina amene anali oyera kale. Pabwalo la fakitale galimoto zatsopano zinangoti ndandanda, nkhunda zikuzinyerera. Petulo anali atakwera, randi itagwa, azungu a ku Fourways amene ankagula zimagalimoto zimenezi tsopano ankayenda pa tigalimoto ta ku Japan, tosadya mafuta, tosadwaladwala. Kutsidya nako anthu ankakuwa kuti makampani achoke m'dziko la tsankho. Zonsezi a Aufi sanawerenge m'buku. Ankaima pa mphambano ya msewu wa End podikira kuti maloboti ayake zobiriwira, n'kumaona chimene chikudutsa.

Koma anaonanso china chimene mabwana a pafakitale, ndi mataye awowo, sankachiona. Loweruka lililonse eni matekisi ankabwera kuseri kwa shopu kuja ndi mipando yong'ambika ya makombi awo, maminibasi onyamula anthu, kuti a Aufi awasokere. Anthu amenewa ankagula galimoto chaka ndi chaka, ena ziwiriziwiri, ndipo ankadandaula chinthu chimodzi: makombi a ku Japan ndi abwino injini, koma kumbuyo n'kofewa, akanyamula anthu khumi ndi asanu opita ku Soweto amakhala pansi. Pomwe kampani ya a Aufi inali ndi kavani kena konyamulira buledi, kachitsulo kolimba zedi, kamene palibe ankakalabadira. Mwini tekisi wina, Bheki, anagula kakale, a Aufi n'kumuikira mizere inayi ya mipando. Chaka chinatha kosathyoka kanthu. Anzake a Bheki anayamba kufunsa kuti zoterezi zatsopano zikupezeka kuti.

"Baba ka Hajara, nanga bwanji osawauza abelungu, azungu anuwo?" Minnie ankawafunsa. "Mukungowonda apa ngati mwalodzedwa."

"Munthu sumangodzuka n'kukalangiza eni ake," iwo ankayankha choncho. "Idzafika nthawi yake."

Nthawi yake inafikadi. M'mwezi wa Malichi kapitawo wawo, Hendrick Phiri, wobadwira konko ku Joni, anasonkhanitsa a m'chipinda chosokera. Anati kukubwera mzungu wochokera ku likulu, Bwana Kessler, wotumidwa kudzaona ngati kampani ingapikisanebe ndi anzake kapena itseke. Adzayenda chipinda ndi chipinda, ndipo akufuna kumva kwa antchito akale. Atatha kulankhula anawakokera a Aufi pambali.

"Madala, nkhani yanu ya kombi ija, this is the chance. Mukhulume, mulankhule, mwamva? Osachita manyazi a ku Nyasaland."

Milungu iwiri a Aufi anakonzekera ngati munthu wokapempha mbeta. Anajambula kavani kaja papepala lodulira nsalu, mizere inayi, khomo lotsetsereka. Anatenga mayina a eni matekisi makumi awiri ndi atatu amene analonjeza kuti akhoza kugula. Hajara anawaphunzitsa Chingerezi chake, iwo n'kumabwereza popita kumzikiti, pobwera, ngakhale posamba. Pepala lija analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la ovolosi.

Lachitatu m'mawa mzungu uja analowa, wamtali, wotopa m'maso, kabuku m'manja, mabwana atatu pambuyo pake. Anaima pa makina a a Aufi. Hendrick anati uyu ndiye wakale kuposa onse. A Aufi anaimirira, anavula kofia, anawerama pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Nineteen years! Good. Everything all right here? Any problems?"

"Everything all right, bwana. No problem. Thank you, bwana."

Kalanga ine! Koma musafulumire kuwatcha chitsiru. Ku Namwera mlendo wolemekezeka akafika, sumuthira nkhani ali chiimire, fumbi la m'njira likadali kumapazi. Akakufunsa moyo umati tili bwino, ngakhale m'nyumba muli matenda. Kenako amakhala pansi, mumapuma, ndiye pamabwera malonje, funso lachiwiri lija lofunsa zenizeni, apo ndi pomwe munthu amamasula mtolo wake. A Aufi anakula choncho, ndipo zaka zonse za mu Joni sizinawachotse zimenezo. Iwo anamva ngati apatsidwa moni. Anali atakoka kale kampando kuti bwana akhale, dzanja likulowa m'thumba kukatenga pepala.

Mzungu anachonga m'kabuku kake, anagwedeza mutu, n'kupitirira kuchipinda cha utoto.

A Aufi anatsala ataima, kampando m'manja. Anadikira. Anati abweranso, munthu sangachoke kutsidya kwa nyanja kudzangopereka moni. Anadikira mpaka belu la chakudya, mpaka belu loweruka. Hendrick anabwera maso ali psu.

"Madala, mwenzeni? Mwachita chiyani? Mwatipha! No problem? No problem, ntchito ikutha?"

"Sanandifunse," a Aufi anatero. "Anangondilonjera."

"Kumeneko ndiye kufunsa kwawo! Amafunsa kamodzi basi!"

Kuyambira tsiku limenelo a Aufi anasanduka wopemphapempha wa pamakomo. Anapita ku ofesi yapamwamba, mlembi anati Bwana Kessler ali pamsonkhano. Anapitanso, anati wapita ku Durban. Anapatsa pepala lija bwana wa fakitale, iye analiyang'ana mozondoka n'kunena kuti za mipando azikambirana ndi kapitawo. A Aufi analitenganso. Lamulungu lina anakwera mpaka ku Berea, kuhotela imene anamva kuti mlendoyo akugona, mlonda anawathamangitsa pageti ngati galu wakuba mazira. Chakudya chinasiya kulowa. Minnie akawayang'ana ankangotembenukira kukhoma, kuti mwana asaone misozi.

Chikalata chotseka fakitale chinamatidwa mu Juni. Tsiku lomaliza, antchito akutuluka ndi timabokosi tawo, a Aufi anaona Bwana Kessler akupita kugalimoto yake. Ulemu wonse anautaya pansi. Anathamanga, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, anamugwira jekete, popanda moni, popanda kuvula kofia, n'kukhuthula zonse chiimire: petulo, tigalimoto ta ku Japan, matekisi, kavani ka buledi, mayina makumi awiri ndi atatu. Chingerezi cha Hajara chinathera panjira, anamalizira m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi, ndi Chichewa, Hendrick n'kumamasulira.

Mzunguyo anayala pepala lija pa boneti. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mizere ya mipando. Anafunsa kuti kavani ka Bheki kayenda mtunda wotani. Anafunsa kuti eni matekisi onse mu Soweto angakhale angati. Kenako anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Akuti anafunsa anthu makumi anayi," Hendrick anamasulira motsitsa mawu, "ndipo ankafuna chifukwa chimodzi chokha choti akauze a ku likulu kuti adikire chaka china. Akuti bwanji simunanene mu Malichi. Makina agulitsidwa kale."

A Aufi anayesa pena paliponse. Mafakitale ena ankachotsa anthu nawonso, ndipo amene ankalemba sankafuna mlendo wovuta mapepala. Anabisala miyezi inayi kuseri kwa shopu, akusoka mipando ya matekisi chitseko chili chotseka, mpaka m'mawa wina apolisi anagogoda nyumba zonse za mumsewuwo n'kuwatenga. Hajara anali atapita kale kusukulu. Minnie anathamangira lole ija ndi jekete la mwamuna wake m'manja, sanaipeze.

Anafika ku Namwera ndi ovolosi yomwe anavala tsikulo. Anabwereka makina n'kumasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la golosale. Kawiri anayesa kubwerera, kawiri anabwezedwa pamalire, pa Beitbridge. Makalata a Minnie ankabwera mwezi uliwonse, kenako pa Idi pokha.

Mu 1993 inabwera kalata ya Hajara, ya m'Chingerezi, ndipo anakapempha mphunzitsi wa pasukulu yapafupi kuti awawerengere. Hajara analemba kuti akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Mayfair, munthu wabwino, woswali. Shehe anafunsa za bambo ake oti akamupereke, ndiye a Suwedi, anzawo a a Aufi a kumzikiti ku Joni, avomera kuimirira m'malo mwawo. Anapempha kuti asakhumudwe. Pamapeto anati atumize chithunzi chawo, chifukwa akayesa kukumbukira nkhope yawo sikubwera bwinobwino.

Mphunzitsi anapinda kalatayo n'kufunsa ngati ayankhe lero lomwe.

"Lembani kuti ndavomera," a Aufi anatero. "Za chithunzizo lembani kuti wojambula amabwera Loweruka pamsika."