Malaya Ofiira pa Bwalo la Gofu

Ndinanyamuka ku Chiponde Loweruka m'mamawa nditangotuluka mumzikiti, nditavala malaya a kolala ofiira psuu. Anandigulira pa kaunjika ndi Twaibu, mwana wa mlongo wanga, ati ku gofu salowa ndi mkanjo. Ulendowo unali wa iye yemweyo. Anapeza mbeta ku Mangochi, dzina lake Asiyatu, ndiye ine monga mjomba wake ndimayenera kukaonekera kwa mjomba wa mtsikanayo, Che Bwanali. Vuto linali loti mkuluyu amanyamuka mawa lake kupita ku Joni kukakhala miyezi, pomwe mnyamata wina wa golosale anali atayamba kale kuzungulirazungulira pakhomo pa Asiyatu. Pa foni Che Bwanali anangoti, "Loweruka ndimakhala ku gofu. Mukandifuna mundipeze komweko."

Kagalimoto kopita ku boma kanandidya K6,000, ndipo anatipanikiza ngati usipa m'chigoba. Tikutsika mapiri a Chowe, mayi wina amene dengu lake la tomato linali pamiyendo panga anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Bambo, dzinja lino mwavala zofiira? Moyo mwatopa nawo?"

"Mayi, kumwambaku kuli mbee."

"Chabwino. Koma mphenzi ikayamba mutsike, ife tili ndi ana."

Titawoloka mlatho wa Shire ndinamwa tiyi ndi zitumbuwa ziwiri, kenaka ndinakwera minibasi ya ku Monkey Bay. Dalaivala amangoliza injini ngati tikunyamuka pompo, koma tinachoka dzuwa litatentha kale paliwombo. Ndinatsika tisanafike ku Nkhudzi, ndipo wa kabaza anakanditula pageti la loji.

Abale, bwalo la gofu ndi chinthu chowawitsa mtima kwa mlimi. Dambo lonselo, nthaka yabwino, nyanja ili pompo, koma palibe ngakhale phesi limodzi la chimanga! Kapinga yekhayekha, wometedwa bwino kuposa mutu wanga, mbuzi osaoneka. Pakhonde ndinapeza akazi a Che Bwanali, Abiti Jafali, amene anapuma pa unamwino. Anandilozera bambowo chapatali, atavala chipewa choyera, akuthamangitsa kampira kochepa ngati dzira.

Ndinapereka salamu, ndinanjuta, tinafunsana za kunyumba. Kwathu nkhani ya ukwati sumangoilavula ngati wagwa nayo m'mwamba. Umadikira mwini wake akufunse chimene wadzera. Koma Che Bwanali sanafunse. Anangondipatsa chikwama cha ndodo zachitsulo kuti ndinyamule, ine n'kumawatsata pambuyo ngati bulu. Ndikati nditsokomole kuti akumbukire, iwo, "Shii! Ndikumenya."

Cha m'ma thuu koloko kutsidya kwa nyanja kunada bii. Mphepo inasintha, bingu linagunda chapatali, kenaka ku loji kunalira chimbelu chokhala ngati cha ambulansi. Osewera ena onse anatembenuka n'kuyamba kuyenda mwandawala kulowera kunyumba.

"Amantha," anatero Che Bwanali. "Kwatsala maenje awiri okha."

Mtima wanga unali kale kukhonde kuja, koma ungamusiye bwanji munthu amene wadzera kudzamupempha mwana? Mvula inafika ngati yotayidwa m'ndowa. Tinathamangira pansi pa mtengo waukulu umene unaima wokha pakati pa bwalo, iwo ndodo yachitsulo ili paphewa, ine chikwama chili kumsana. Kunang'anima. Apo m'pamene mkuluyo anandiona bwinobwino.

"Astaghafirulla! Zofiira? Vulani!"

"Che Bwanali, ndine munthu wamkulu ine, ndili ndi zidzukulu."

"Vulani msanga, mutiphetsa!"

Ndinavula. Malayawo ndinawakoleka panthambi kuseri kwa mtengo, n'kubwerera mimba ili pamtunda, madzi akutsetsereka mpaka pamchombo. Manyazi anandigwira osati masewera. Komabe ndinati mwina mpata ndi womwewu, ndiye ndinanjuta m'matopemo n'kuyamba: "Bwana, ine ndatumidwa ndi..." Bingu linandilanda mawu.

Kenaka tinamva hutala. Galimoto inabwera ikudula pakati pa kapinga woletsedwa uja, matope ali m'mwamba, Abiti Jafali ali pachiwongolero.

"Amuna awiri a imvi zawo, pansi pa mtengo, zitsulo m'manja! Belu lija mumayesa la phala? Tayani zimenezo pompo! Lowani, mutseke magalasi, ndipo asagwire chitseko munthu!"

Che Bwanali anayamba kunena za ndalama zimene anagulira ndodozo, koma mayiwo anangowayang'ana kamodzi, bambo n'kuponya ndodo pansi. Tinalowa. Sitinapite patali, dziko lonse linayera mbuu, kenaka phwaa! Makutu anga anatseka. Nditacheuka ndinaona mtengo uja utang'ambika, nthambi ili pansi pomwe ndinanjuta paja, malaya a Twaibu akufuka utsi. Walahi, sindinaopepo chomwecho chibadwire.

Ku loji Abiti Jafali anatikankhira m'kati, kutali ndi mawindo, nandifunditsa chitenje chawo cha maluwa. Analamula kuti pasatuluke munthu mpaka patapita theka la ola bingu litasiyiratu.

"Mwaona?" anatero Che Bwanali, kapu ya tiyi ili m'manja. "Yatsata malaya aja."

"Yatsata mtengo," anayankha mayiwo. "Mphenzi imafuna chachitali chimene chaima chokha. Kuchipatala ndalandirapo anthu otere, ena atavala zoyera ngati akupita ku mapemphero a Jumuwa."

"Nanga bwanji yamenya mbali ya malaya?"

"Chifukwa malayawo anali pamtengo, bambo inu!"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. "Alendo, inu mukuti bwanji?" anafunsa Che Bwanali.

Ndimadziwa bwino lomwe kuti mayiwo akunena zoona. Koma ndinaona nkhope ya Twaibu, ndinaonanso wa golosale uja akumwetulira.

"Bwana," ndinatero, "nsalu ija inali yofiira mopitirira muyezo."

Abiti Jafali anatsonya. Che Bwanali anaseka mpaka kutsokomola, nandimenya paphewa. "Munthu wovula malaya ake kuti mnzake akhale ndi moyo! Banja lotere ndi losowa. Eya, tanenani, mwadzera chiyani?"

Ndinanena zonse, nditafunda chitenje cha maluwa ngati mayi woyembekezera sikelo. Anavomera tiyi asanazizire, ndipo tinapangana kuti nikaha, ukwati wa kumzikiti, idzachitika akadzangobwera ku Joni.

Ndinabwerera ku Chiponde nditavala malaya oyera a Che Bwanali, mabatani akukana kukumana pamimba. Twaibu anali akudikira pasiteji. Nditamuuza kuti mkazi wapeza koma malaya apsa, analumpha ngati mwana.

Tsono inu amene mudzapite ku gofu dzinja, mverani ine amene ndinaona. Belu likalira kapena bingu likangogunda, siyani ndodo pansi, muiwale za maenje otsala, mtengo muuthawe, mulowe m'nyumba kapena m'galimoto. Zimenezo ndikhoza kulumbira. Koma za malaya ofiira musandifunse pagulu, chifukwa Che Bwanali sanasinthe maganizo, ndipo nikaha sinachitikebe.